Cécile Decugis ndi Ntchito Yokonza Mafilimu ku France

M'zaka za m'ma 1950 filimu inkajambulidwa pa tepi ya mamilimita 35 m'lifupi, yomwe inkaonetsa zithunzi 24 pa sekondi iliyonse, ndipo ntchito ya mkonzi inali kusankha zidutswa zoyenera pa mulu wa zojambulidwazo, kuzidula ndi kuzimata motsatizana kufikira nkhani itamveka. Ku France ntchitoyi kawirikawiri inkagwiridwa ndi akazi, monga Marguerite Renoir ndi Agnès Guillemot, ngakhale kuti ulemu unkapita kwa otsogolera mafilimu, omwe ambiri anali amuna. Mmodzi mwa akaziwa anali Cécile Decugis, yemwe adabadwa mu 1930 ndi kumwalira mu 2017.

Decugis adakonza Les Mistons ya François Truffaut mu 1957, koma amakumbukika kwambiri ndi À bout de souffle ya Jean-Luc Godard, yotuluka mu 1960, imodzi mwa mafilimu oyamba a Nouvelle Vague, gulu la achinyamata omwe adakana malamulo akale ojambulira. Filimuyi idatalika mopyola muyeso, ndipo m'malo mochotsa zigawo zathunthu, Godard ndi Decugis ankadula timphindi m'kati mwa chigawo chimodzi, kotero kuti woonera amaona mutu wa wosewera Jean Seberg ukudumpha ali m'galimoto, misewu ya Paris ikusintha kumbuyo kwake mwadzidzidzi. Kadulidwe kameneka, kotchedwa jump cut, kankatengedwa ngati cholakwa cha munthu wosadziwa ntchito, pakuti lamulo lakale linali lakuti malo omatira asaoneke. Mabuku ambiri amakatchula ngati luso la Godard yekha, zomwe sizoona kwenikweni, popeza manja ogwira tepiyo anali a Decugis ndi wothandiza wake Lila Herman.

Ntchito ya Decugis idaduka mu 1960 chifukwa cha nkhondo ya ku Algeria. Decugis, yemwe mu 1957 adajambula anthu othawa nkhondoyi kumalire a Tunisia, adamangidwa pamlandu wochita lendi nyumba yomwe inkagwiritsidwa ntchito ndi FLN, gulu lomenyera ufulu wa Algeria, ndipo adakhala m'ndende zaka ziwiri. Tirez sur le pianiste ya Truffaut, yomwe ankakonza panthawiyo, idamalizidwa ndi Claudine Bouché.

Kuchokera pa Ma nuit chez Maud mu 1969 mpaka Les Nuits de la pleine lune mu 1984, Decugis adagwira ntchito ndi Éric Rohmer, yemwe mafilimu ake amatsamira pa zokambirana zazitali, ndipo kumeneko luso lidali losiyana kotheratu: kudziwa nthawi yosiya wolankhula n'kuonetsa nkhope ya womvetsera popanda woonera kuzindikira kuti padulidwa. Kudula koonekera kwa Godard ndiko kumatchuka, koma zaka 15 za Rohmer ndizo zimaonetsa bwino kukhwima kwa Decugis pantchito yake.