Kuchokera pa Msimbi Kufika pa WhatsApp

Pamene nyuzipepala ya Central African Planter inabadwa m'chaka cha 1895, mwini wake, R.S. Hynde, sanali kulembera eni dziko ayi, koma Azungu anzake olima khofi, amene mtima wawo unali pa mitengo ya zokolola ndi kusowa kwa antchito. Ndipo nyuzipepala imeneyi, imene pambuyo pake inatchedwa Nyasaland Times, ndiyo kholo la Daily Times ya lero lino. Oyamba kutilankhula m'chinenero chathu anali amishoni, monga a ku Nkhoma ndi Mthenga wawo, kenaka boma la atsamunda ndi Msimbi. Koma onsewa anadza kudzaphunzitsa ndi kudzachenjeza, sanadze kudzafunsa kuti kodi kumudzi kwagwanji.

Malawi News, imene mnyamata Aleke Banda anathandiza kuyambitsa mu 1959, anthu anailandira ndi manja awiri pakuti inali yawoyawo. Tsoka ilo, ufulu utadza inasanduka pakamwa pa chipani cholamula, monganso inachitira MBC, imene kuyambira 1964 inali wayilesi yokhayo m'dziko muno kwa zaka zoposa makumi atatu; ndipo popeza za njala, za omangidwa popanda mlandu ndi za osowa usiku sizinali kutchulidwa, anthu anazolowera kunong'onezana kuseri kwa nkhokwe, nakhulupirira mphekesera koposa mawu a pawayilesi.  N'chifukwa chake kalata ya maepiskopi a Chikatolika, yowerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, inagwedeza dziko: inanena poyera zimene aliyense anali kuzidziwa kale mumtima mwake.

Chaka cha riferendamu, 1993, nyuzipepala zinaphuka ngati bowa, zambiri n'kufota msanga, The Nation n'kutsala. Komabe zonsezo zinamanga misasa ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kumene kuli otsatsa malonda. Amene anayandikiradi kumudzi ndi mawayilesi: Dzimwe ya ku Monkey Bay m'zaka za m'ma 1990, ndi Zodiak mu 2005, imene inamwaza atolankhani m'maboma, kotero kuti munthu wa ku Nsanje anayamba kumva dzina la mfumu yake likutchulidwa bwino ndi munthu amene angakumane naye pamsika mawa lake ndi kumufunsa ngati wanama.

Lero foni yafika kumene nyuzipepala sinapondeko, koma uthenga wa pa WhatsApp ulibe mwini woti n'kumufunsa. Ndipo akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinathamanga ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu osalakwa naphedwa, mawu otsutsa bodzalo akubwera m'mbuyo mochedwa. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo tiliyamike. Koma mtolankhani wa m'boma lakutali, amene alibe njinga yamoto ngakhale ndalama ya basi, kawirikawiri amakwerabe galimoto la bwana yemweyo amene akukamulemba, ndipo pobwerera amalandira chipondamthengo kuchokera m'manja omwewo.