MKWIYO WA MLENDO NDI PEMPHERO: PHUNZIRO LA KU HARARE

Lero titembenukire ku Workington, dera la mafakitale mumzinda wa Harare. Kwa zaka zambiri, m'mamawa uliwonse, misewu yopita kumeneko inkadzaza ndi antchito, ena panjinga, ena wapansi, ochokera ku Mbare, Highfield ndi Rugare. Pakati pao panali makolo athu a ku Nyasaland, amene anapita ku Salisbury kukafuna ndalama ya msonkho ndi zovala. Ena sanabwererenso, ndipo kumudzi anatchedwa matchona.

Anthu amenewa anali ndi zifukwa zokwiyira. Malipiro anali ochepa, poyenda ankafunsidwa chitupa, ndipo amuna ankagona mothithikana m'mahositelo a ku Mbare, komwe masiku amenewo kunkatchedwa Harari, akazi ao ali kutali. Eni dziko ena ankawanyoza ndi dzina loti "mabhurandaya", kutanthauza anthu a ku Blantyre. Koma kwa eni kulibe mkuwe. Munthu akatukwanidwa ndi kapitao ankangomeza mau, mtima uli chipsere. Kodi mkwiyo womezedwa chotero umakathera kuti?

Mbiri ya mzindawu ikutiyankha. Mu September 1956, mtengo wa basi utakwera, bungwe la City Youth League linauza anthu kuti anyanyale kukwera mabasi. Mmodzi mwa amene anayambitsa bungweli mu 1955 anali Dunduzu Chisiza wa ku Karonga, pamodzi ndi James Chikerema ndi George Nyandoro. Dandaulo linali loona, pakuti wantchito wosauka sakanatha kulipira mtengo umenewo tsiku ndi tsiku. Koma kunyanyalako kunasanduka chipolowe, ndipo gulu la amuna linathyola Carter House, hositelo ya atsikana ku Harari, ndi kugwirira ena mwa iwo, akuti chifukwa akazi ena anakwera mabasi. Abale, atsikana amenewo sindiwo anakweza mtengo wa basi. Mkwiyo unalephera kufika kwa amphamvu, tsono unagwera ofooka. Anthu anaiwala kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Komatu mumzinda womwewo munali njira ina. Akhristu a ku Nyasaland atapempha mbusa, Mishoni ya Dutch Reformed inatumiza mbusa T.C.B. Vlok ku Salisbury mu 1912. Iyeyu ndi amene anayamba ntchito pa Mvera mu 1889 pamodzi ndi A.C. Murray. Mipingo ya alendowa inakula, ndipo mu 1965 inakhala Sinodi ya CCAP, imene lero ndi Sinodi ya Harare. M'menemo ankapemphera m'Chinyanja. Taganizani: munthu amene sabata yonse analibe pakamwa pamaso pa bwana, anapeza malo onenera zonse za mumtima mwake, m'chilankhulo cha amai ake, kwa Mulungu amene safunsa chitupa.

Apa ndi pamene pagona mphamvu ya pemphero. Kupemphera sikunamizira kuti sitinapwetekedwe, kapena kuvomereza chinyengo. Ndiko kupita ndi mkwiyo kwa Woweruza wolungama usanagwere munthu wosalakwa. Kumbukirani Nehemiya, amene nayenso anagwira ntchito kwa eni, m'nyumba ya mfumu ya ku Perisiya. Chaputala 1 cha buku lake chimatisonyeza munthu wosala kudya ndi kupemphera. Pa chaputala 5, atamva kuti olemera alanda minda ya abale ao ndi kusandutsa ana ao akapolo, anapsa mtima kwambiri. Koma anayamba wasinkhasinkha, kenaka anadzudzula olakwa enieniwo poyera, mpaka analonjeza kubweza mindayo. Mkwiyo wake sunazime, koma unapeza njira yoongoka.

Mabala a abale athu ku Harare sanathere m'masiku a atsamunda. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri obadwira ku Zimbabwe, amene makolo ao anachokera kunja, akuwerengedwa ngati alendo, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anawatsegulira njira. Mu 2005, pa Operation Murambatsvina, bungwe la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena pogwira ntchito. Ndani sangapse mtima nazo zotere? Koma kawirikawiri wolandira ukali umenewo ndi mai wa pakhomo ndi ana.

Tsono mbale, mlongo, kulikonse kumene muli, mtima ukapsa chitani zinthu zitatu. Choyamba, musanalowe m'nyumba mwanu, uzani Mulungu chimene chakupwetekani, osabisa kanthu. Chachiwiri, mufunseni akuonetseni amene walakwadi, kuti musalange wosalakwa. Chachitatu, tchulani dzina la wokulakwiraniyo m'pemphero, monga Ambuye Yesu anapempherera omupachika, ndipo pemphani nzeru ya mau oti mukanene ndi nthawi yake. Mwina kapitao sasintha mawa, koma ana anu adzagona mwamtendere usiku uno.

Tiyeni tipemphere. Atate, landirani mkwiyo wathu, muuyeretse, kuti tisapweteke amene munatipatsa kuti tiwasamale. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.