Chingerezi cha Mphunzitsi: Zimene Malawi ndi Zambia Anayesa Atalandira Ufulu

Malire a Mwami amalekanitsa Mchinji ndi Chipata, koma ana ambiri a mbali zonse ziwiri amakula akuyankhula chinenero chimodzi, chimene ku Malawi chimatchedwa Chichewa ndipo ku Zambia Chinyanja. Kwa zaka pafupifupi 30, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ana amenewa anaphunzitsidwa Chingerezi motsata maganizo awiri otsutsana. Mbiri imeneyi ndi yofunika kwa aliyense amene akukonzekera uphunzitsi, chifukwa imaonetsa chinthu chimene okonza mfundo za maphunziro amachiiwala kawirikawiri. Njira iliyonse yophunzitsira Chingerezi imafuna mphunzitsi wodziwa chinenerocho pa mlingo wina wake, ndipo ikapanda kumupeza imasanduka kuloweza chabe.

M'nthawi ya amishoni, Chingerezi chinali cha anthu ochepa. Sukulu za m'midzi zinkaphunzitsa kuwerenga m'zinenero za anthu, makamaka kuti akhristu aziwerenga okha Baibulo. Amishoni a Dutch Reformed, amene anakhazikika ku Mvera ndi ku Nkhoma ndipo kenako anawolokera ku Magwero ndi ku Madzimoyo, ankalimbikira kwambiri Chinyanja. Ku Khondowe zinthu zinali zosiyana. Sukulu ya Overtoun, imene Robert Laws anatsegula mu 1894, inkaphunzitsa Chingerezi chozama kudzera m'galamala, kumasulira ndi kuwerenga mabuku ovuta. Njirayi akatswiri a masiku ano amaiona ngati yachikale, koma inatulutsa anthu ngati Clements Kadalie, amene mu 1919 anayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito ku Cape Town ndipo ankatsutsana ndi azungu m'chinenero chawo chomwe. Chinsinsi chake chinali chakuti ophunzira anali ochepa, osankhidwa, ndipo ankakhala zaka zambiri pafupi ndi aphunzitsi odziwa Chingerezi bwino lomwe.

Boma la atsamunda nalo linkavomereza kuti mwana ayambe sukulu m'chinenero chake. Sukulu zosula aphunzitsi za Jeanes, ya ku Domasi imene inatsegulidwa mu 1929 ndi ya ku Chalimbana ya mu 1939, zinkakonzekeretsa aphunzitsi a m'midzi amene ntchito yawo yaikulu inali ya m'zinenero zakwawo. Koma Afirika ambiri ankakayikira cholinga cha atsamunda. Iwo ankaona kuti Chingerezi ndicho chinali khomo la ntchito za ukalaliki ndi malipiro abwino, ndipo kuchedwetsa mwana kuchiphunzira kunkaoneka ngati njira yomutsekera kunja. Maganizo amenewa ndi amene anapangitsa kuti atsogoleri a ufulu alandire ndi manja awiri chiphunzitso chatsopano chimene chinabwera cha m'ma 1960.

Chiphunzitsocho chinamveka kwambiri pa msonkhano wa mayiko a Commonwealth umene unachitikira ku Makerere, m'dziko la Uganda, mu 1961. Patapita zaka 31, Robert Phillipson, m'buku lake lotchedwa Linguistic Imperialism, anasanthula lipoti la msonkhanowo n'kupezamo zikhulupiriro zisanu: kuti Chingerezi chimaphunzitsidwa bwino popanda kusakaniza ndi chinenero china, kuti mphunzitsi wabwino koposa ndi amene anabadwa nacho, kuti kuyamba msanga kumabala zipatso zabwino, kuti kuchulukitsa maola a Chingerezi kumakweza luso, ndiponso kuti zinenero zina zikapatsidwa malo, Chingerezi chimatsika. Phillipson ananena kuti zisanu zonsezi zinali zikhulupiriro zopanda umboni. Komabe pa nthawiyo zinkamveka ngati nzeru yodziwikiratu. Ndani akanatsutsa kuti m'mera mpoyamba?

Zambia inatsata chiphunzitsochi mpaka kumapeto. Dzikoli linalandira ufulu mu 1964 lili ndi anthu pafupifupi 100 okha omaliza maphunziro a yunivesite, ndipo boma la Kenneth Kaunda linkaopa kuti kusankha chinenero chimodzi cha m'dzikomo kudzagawanitsa mitundu. Mu 1965, John Mwanakatwe ali nduna ya zamaphunziro, boma linagamula kuti maphunziro onse azichitika m'Chingerezi kuyambira giredi 1, ndipo lamulo la maphunziro la 1966 linatsimikiza zimenezi. Mabuku amene anakonzedwa, otchedwa Zambia Primary Course, anatsamira pa njira imene inali yotchuka ku America ndi ku Britain pa nthawiyo. Njirayo inkati chinenero ndi chizolowezi: mwana amve chiganizo, achibwereze kambirimbiri, asinthe liwu limodzi, abwerezenso, mpaka pakamwa pazolowere. Kumasulira kunali koletsedwa, ndipo kulakwitsa kunkayenera kupewedwa kuti kusazike mizu.

Chodabwitsa n'chakuti maziko a njirayi anali atagwedezeka kale. Mu 1959 Noam Chomsky anatsutsa mwamphamvu buku la B. F. Skinner la mu 1957, ponena kuti munthu amatha kupanga ziganizo zimene sanazimvepo, choncho chinenero sichingakhale chizolowezi chokha. Koma njira yobwerezabwereza inali ndi ubwino umodzi umene unakopa maboma. Buku la mphunzitsi linkalemberatu mawu onse oti anene, kotero kuti ngakhale mphunzitsi wa Chingerezi chochepa akanatha kuimirira kutsogolo n'kutsogolera kalasi. Apa m'pamene panabisala vuto. Ana ankayankha mogwirizana ngati kwaya, woyendera sukulu ankamva Chingerezi chikumveka m'kalasi, koma mwana akafunsa funso limene silinali m'buku, kapena akalephera kumvetsa masamu, mphunzitsi analibe mawu ofotokozera. Ambiri ankangotembenukira ku Chinyanja mobisa. Pokonzanso maphunziro mu 1977, boma la Zambia linavomereza kuti mwana amaphunzira bwino m'chinenero chake, komabe linasunga Chingerezi ponena kuti kusintha kunali kovuta.

Malawi anayenda njira ina, ndipo chimene chinamutsogolera chinali ndale kuposa kafukufuku. Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress wa mu 1968 unakweza Chichewa kukhala chinenero cha fuko, n'kuchotsa Chitumbuka m'sukulu ndi pa wailesi, chinthu chimene chinasiya bala kumpoto. Kuyambira pamenepo ana ankaphunzira m'Chichewa kuchokera sitandade 1 mpaka 4, Chingerezi chili phunziro lapadera, ndipo kuyambira sitandade 5 maphunziro ankasinthira ku Chingerezi. Izi sizinatanthauze kuti Dr. Banda ankachepetsa Chingerezi. Sukulu ya Kamuzu Academy, imene anatsegula ku Mtunthama mu 1981, inkaphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki, ndipo aphunzitsi ake ankachokera kunja, makamaka ku Britain. Chikhulupiriro chachiwiri cha ku Makerere, chakuti mphunzitsi weniweni ndi wobadwa nacho Chingerezi, chinamangiridwa nyumba ya njerwa m'boma la Kasungu.

Zotsatira za njira ziwirizi zinayesedwa m'zaka za m'ma 1990 ndi Eddie Williams, katswiri wa ku Britain, amene anapereka mayeso owerenga kwa ana a m'mayiko onse awiri. Chifukwa chakuti Chichewa ndi Chinyanja n'chimodzi, kuyerekeza kunali kotheka. Anapeza kuti ana a chaka chachisanu ku Zambia, amene anaphunzira zonse m'Chingerezi kuyambira tsiku loyamba, sankawerenga Chingerezi kuposa anzawo a ku Malawi. Pa chinenero chawo, ana a ku Malawi anali patsogolo kwambiri. Zambia inalipira mtengo waukulu, kuwerenga m'Chinyanja, koma sinagule kanthu. Komabe Malawi analibe chonyadira, pakuti m'mayiko onse awiri ana ambiri sankadziwa Chingerezi chokwanira kuphunziramo maphunziro ena. Zambia inasintha: mfundo za maphunziro za mu 1996 zinalola kuti kuwerenga kuyambe m'zinenero za m'dzikomo, ndipo mu 2014 zinenerozo zinayamba kugwiritsidwa ntchito pophunzitsa giredi 1 mpaka 4.

Pamene izi zinkachitika, nayo nzeru ya kaphunzitsidwe inali itasuntha. Dell Hymes anaonetsa kuti kudziwa chinenero kumaphatikiza kudziwa zoyenera kunena, kwa ndani, ndiponso pa nthawi iti. Pa maganizo amenewa panamera njira yolimbikitsa kukambirana, imene inalowa m'masilabasi ndi m'makoleji a aphunzitsi a m'chigawo chino. M'njira imeneyi ana amakhala m'magulu, amafunsana, amachita timasewero, ndipo kulakwitsa kumatengedwa ngati gawo la kuphunzira. Koma njirayi ndi imene imafuna Chingerezi chambiri kwa mphunzitsi kuposa zonse zimene zinaitsogolera. Palibe buku limene lingalemberetu zimene mwana adzanene. Mphunzitsi ayenera kumva chiganizo chopindika, kuzindikira pomwepo chimene chalakwika, kusankha ngati akonze tsopano kapena adikire, n'kubweza chiganizo cholondola m'mawu osavuta.

Ku Malawi njira yofuna zambiriyi inakumana ndi nthawi yovuta. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Boma linalemba ntchito aphunzitsi osaphunzitsidwa pafupifupi 18,000, ambiri a iwo ali ndi satifiketi ya JCE yokha, n'kuwatumiza m'makalasi atangolandira malangizo a masabata ochepa. Ndondomeko ya MIITEP, imene inayamba mu 1997, inawapatsa miyezi itatu ya ku koleji ndipo zotsalazo ankaphunzira ali pantchito. M'nthawi yochepa chonchi zinali zotheka kuphunzitsa munthu mayina a njira zophunzitsira, koma kukulitsa Chingerezi chake chenichenicho kunali kosatheka. Mu 2014, chaka chomwecho chimene Zambia inkabwerera ku zinenero zake, Malawi analengeza kuti motsata lamulo la maphunziro la 2013, Chingerezi chikhale chophunzitsira kuyambira sitandade 1. Mayiko awiriwa anasinthana malo, aliyense kulowa m'nyumba imene mnzake ankatulukamo.

Kodi Chingerezi chozama chimene mphunzitsi amafunika n'chotani? Jim Cummins, katswiri wa ku Canada, anasiyanitsa chinenero chochezera ndi chinenero cha maphunziro. Kafukufuku wake pa ana obwera m'dziko la Canada anaonetsa kuti choyambacho chimagwidwa m'zaka ngati ziwiri, koma chachiwiri chimatenga zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri, ngakhale mwana atazingidwa ndi Chingerezi tsiku lonse. Munthu atha kucheza bwino m'Chingerezi pa foni koma n'kulephera kufotokoza chifukwa chake mvula imagwa, kapena kulemba ndime yoyenda bwino kuchokera pa mfundo kufika pa umboni. Wokonzekera uphunzitsi amafunika chachiwiricho, ndipo chimabwera ndi kuwerenga kwambiri ndi kulemba kokonzedwa ndi munthu wodziwa. Cummins anaonjeza kuti luso lowerenga limene mwana wapeza m'chinenero chake limawolokera ku chinenero chachiwiri, zimene zimagwirizana ndi zomwe Williams anapeza.

Pali luso linanso limene mphunzitsi wa ku London alibe, koma wa ku Dedza, Katete kapena Angónia angakhale nalo: kudziwa kumene zolakwa za mwana zikuchokera. Chichewa chili ndi mavawelo asanu, pamene Chingerezi chili ndi oposa khumi, n'chifukwa chake ship ndi sheep zimamveka chimodzimodzi m'khutu la mwana. Mawu a Chichewa amathera pa vawelo, choncho mwana amaonjeza vawelo kumapeto kwa liwu la Chingerezi. Kusinthanitsa l ndi r sikusintha tanthauzo m'Chichewa, koma m'Chingerezi kumasandutsa pray kukhala play. Liwu lakuti iye silisiyanitsa mwamuna ndi mkazi, ndiye he ndi she zimasokonezeka. Munthu akafunsidwa kuti "Sunadye?" amayankha "Inde" kutanthauza kuti sanadye, pamene Mngerezi amayankha "No". Mphunzitsi amene waphunzira kapangidwe ka zinenero zonse ziwiri amaona kuti mwanayo akutsata malamulo a chinenero chake, ndipo amadziwa pogwira. Amene sanaphunzire amangoti mwanayo ndi wogona.

Mtsutso wa chaka choyambira Chingerezi wadya nthawi yambiri m'nyumba za malamulo za ku Lilongwe ndi ku Lusaka, chifukwa ndi wosavuta kugamula: nduna imalengeza, kalata imapita m'sukulu. Kusula mphunzitsi wowerenga mabuku ovuta, wolemba bwino, wodziwa galamala ya Chingerezi ndi ya Chichewa yomwe, kumatenga zaka ndi ndalama, ndipo zipatso zake zimaoneka boma limene linadzala litachoka kale. Ku Overtoun zinatheka chifukwa ophunzira anali ochepa. Ntchito imene yatsalira makoleji a aphunzitsi a m'mayiko onse a Achewa ndi yochita zomwezo kwa anthu zikwizikwi, ndipo poyambira pake ndi kuyesa moona mtima Chingerezi cha wolowa ndi cha wotuluka, n'kupatula maola okwanira oti chikule asanapatsidwe choko.