Kashiamu wa m'magazi: kuchokera pa mtima wa chule kufika m'makina

Mu 1883, Sydney Ringer wa ku London anaonetsa kuti mtima wa chule sumapitiriza kugunda m'madzi amchere opanda kashiamu. Komatu si kashiamu yense wa m'magazi amene amagwira ntchitoyi. Pafupifupi theka lokha ndilo limayenda lomasuka, lija a m'labotale amati ionised calcium. Wotsalayo amamatirira ku mapuloteni, makamaka albumin, ndi ku michere ina. Mu 1934, Franklin McLean ndi Baird Hastings a ku Chicago anayeza womasukayu poona mphamvu imene mtima wa chule unkagunda nayo. Inali nzeru, koma ndani akanaweta achule pa chipatala chodzaza odwala? Motero kwa zaka zambiri malabotale ankayeza kashiamu yense pamodzi, madokotala n'kumangoyerekeza.

Zinthu zinasintha mu 1967 pamene James Ross anapanga electrode yomva kashiamu womasuka yekha. M'kupita kwa zaka kachipangizoka kanalowa m'makina oyeza mipweya ya m'magazi, amene gwero lake ndi ntchito ya Poul Astrup pa mliri wa poliyo wa ku Copenhagen mu 1952. M'makinamo ndimo munali mwake, chifukwa kashiamu womasuka amasintha ndi pH, muyeso wa asidi wa m'magazi umene makinawo amayeza. Sirinji ya magazi ikasiyidwa yosatseka, mpweya wa carbon dioxide umathawa, pH imakwera, kashiamu wambiri amamatirira ku albumin, nambala n'kutsika chonsecho m'thupi mwa wodwala simunasinthe kanthu. Kuyeza ziwirizi m'magazi amodzimodzi, nthawi imodzi, ndiko kumapereka yankho lodalirika.

Ena amati makinawa ndi okwera mtengo, pomwe masamu amene Payne ndi anzake anafalitsa mu 1973 amakonza nambala ya kashiamu yense potengera kuchuluka kwa albumin. Za mtengo akunena zoona, ndipo kwa wodwala woyenda yekha kashiamu yense amakwanira nthawi zambiri. Koma masamuwo saona pH, saonanso citrate wa m'matumba a magazi amene amamanga kashiamu mwa munthu woikidwa magazi ochuluka. Amalephera pa odwala mwakayakaya, omwe yankho lolakwika lingawaphe. Makinawo nawonso amanama ngati heparin, woletsa magazi kuundana, wachuluka m'sirinji kapena magazi achedwa kufika. Chipatala chogula makinawa chiyenera kuphunzitsanso otenga magazi, apo ayi chawononga ndalama.