Mako ndi mako: mbiri ya ka bakkie kamene tinakagula ku Constantia



Funso loti "ndigule galimoto yanji ku Joni yoti ndipite nayo kumudzi?" silitha pakati pathu. Mayankho ake amakhala a mafuta, masipeya ndi msonkho, ndipo onsewo ndi oona. Koma pali chifukwa china chimene ambiri timachita nacho manyazi kuchitchula: nthawi zina munthu amagula galimoto chifukwa ndi yofanana ndi imene inamunyamula ali mwana. Ife a m'banja mwathu tinachita zimenezo. Tinagula Nissan 1400 yakale ku Constantia, mumzinda wa Cape Town, n'kuyiyendetsa makilomita oposa 3,000 mpaka kwathu ku Ntcheu. Anzathu anatiseka, ndipo pena anali ndi chifukwa chosekera. Tifotokoze kumene mtima umenewu unachokera, ndi zimene unatidyera.

Njira ya kum'mwera siinayambe ndi ife. Clements Kadalie, mwana wa ku Nkhata Bay, anafika ku Cape Town zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo mu 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU pakati pa onyamula katundu padoko. Kamuzu Banda naye ali mnyamata anagwirapo ntchito kumgodi wa ku Boksburg. Pambuyo pawo panadza chikhamu cha azibambo a Wenela, amene ankalembedwa kwathu n'kukwera ndege mpaka ku Francistown, kenako sitima ya pamtunda mpaka kumigodi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Depoti ya mabasi ya Wenela ku Blantyre ikusungabe dzina la nthawi imeneyo.

Munthu wobwera ku Wenela ankadziwika ndi katundu. Bokosi lachitsulo, mabulangeti, jekete lalikulu, wailesi, makina osokera, ndipo koposa zonse njinga. Njinga inali umboni woti munthuyu sanatchone, anapita n'kubwerera ndi kanthu. Amene sanabwerere ankatchedwa matchona, ndipo dzina limenelo linali ngati maliro opanda manda.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo anafera pomwepo. Kamuzu analetsa kulemba anthu. Ntchito inayambiranso mu 1977, bungwe litasintha dzina kukhala TEBA, kumene kunachokera mawu akuti "ku Theba". Inadzathera mu 1988, maboma awiriwa atasemphana pa nkhani yoyeza magazi a ogwira ntchito.

Malume athu anali m'gulu la anthu omaliza amenewo. Gawo la malipiro linkasungidwa kuti munthu adzalandirire kumudzi, ndipo iwo sanalimwere mowa. Anaphatikiza ndi ndalama za kachewere wa m'munda mwawo n'kugula Datsun 1200 ya pikapu, yogwiritsidwa kale ntchito, yoyera ngati ufa woyera. M'mudzi monse galimoto ina kunalibe. Kumene ena anabwera ndi njinga, iwo anabwera ndi matayala anayi.

Kagalimoto kameneka kali ndi mbiri yake. Kanachokera ku Datsun Sunny ya ku Japan, ndipo ku South Africa anayamba kukapanga mu 1971 pa fakitale ya ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria. Mu 1980 anakaika injini yokulirapo n'kukhala 1400, ndipo patsogolo pake dzina la Datsun linasinthidwa kukhala Nissan. Maonekedwe sanasinthe kwenikweni mpaka pamene analeka kukapanga mu 2008, patatha zaka 37. M'malo mwake munabwera NP200, imene nayonso analeka kuipanga mu 2024. Mabunu anakapatsa dzina loti kanniedood, kutanthauza chinthu chosafa. Chinsinsi chake n'chakuti mulibe zambiri: injini ya petulo ya kabureta, mphamvu kumatayala akumbuyo, masipuling'i amasamba, katundu wokwana pafupifupi theka la tani. Makaniko wa pansi pa mtengo amakatha ndi sipanala zochepa.

Ka malume kankanyamula kachewere ndi kabichi kuchokera ku Tsangano kupita pa Lizulu, chimanga kupita ku ADMARC, ndipo basi ya UTM ikapanda kuoneka kankachita matola. Batire ikafooka ankakaimika pachitunda, ana tonse n'kumakankha m'mawa tikupikisana kulumphira kumbuyo. Kanathamangitsira mayi athu kuchipatala usiku wamvula pamene mng'ono wathu wotsiriza ankabadwa. Kananyamula mkwati, anthu akuimba kumbuyo mpaka masipuling'i kugona. Kananyamulanso bokosi la agogo, kakuyenda pang'onopang'ono kuti oyenda pansi asatsalire. Malume atamwalira panalibe wodziwa kukasamala. Kanakhala pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pampando, mpaka ogula zitsulo anakatenga.

Tsopano tibwere ku Constantia. Amene simunafikeko, ndi dera la kum'mwera kwa Cape Town, m'munsi mwa phiri, lodzaza ndi mitengo ikuluikulu, minda ya mpesa ndi nyumba za anthu olemera. Munda wa Groot Constantia anauyambitsa Simon van der Stel mu 1685, ndipo vinyo wake anatchuka mpaka Napoleon ankamwa ali mu ukaidi pa chilumba cha St Helena. Koma manja amene ankalima mpesawo anali a akapolo, ena ochokera ku Asia, ena ku Madagascar ndi ku Mozambique, mpaka ukapolo unathetsedwa mu 1834. Zidzukulu za ogwira ntchitowo zinakhazikika m'chigwamo, zikulima masamba ndi maluwa ogulitsa mu Adderley Street. Mu 1961 boma la tsankho linalengeza kuti Constantia ndi ya azungu okha, ndipo mabanja amenewo anasamutsidwira ku Grassy Park, Lotus River, Parkwood ndi madera ena a mchenga.

Lero ukaima m'mbali mwa Constantia Main Road m'mawa, umamva Chichewa, Chitumbuka, Chitonga ndi Chiyao. Abale athu amatsika ma taxi ochokera ku Wynberg, ena amachokera ku Westlake pafupi ndi ndende ya Pollsmoor, ena amawoloka Constantia Nek kuchokera ku Imizamo Yethu ku Hout Bay. Ndi iwo amene akudula kapinga, kusesa masamba ndi kusamala nyumba. Chigwa chimenechi chakhala chikukongola ndi manja obwera kwa zaka zoposa 300, ndipo manja a masiku ano ambiri ndi athu. Ma bakkie onyamula makina otchetchera ndi zinyalala za m'gadeni amadutsa tsiku lonse, ndipo pakati pawo ka 1400 sikasowa.

Mkulu wathu wagwira ntchito ya m'gadeni kumeneko zaka zambiri, ndipo enafe timadalira iye tikapita kukaoda katundu. Pa nyumba ina imene ankagwirako kawiri pa sabata, m'galaja munali Nissan 1400 yoyera, yofunditsidwa nsalu. Tsiku limene anaivundukula kuti asese, akuti anangokhala pansi. Chiwongolero chomwecho, fungo lomwelo la petulo ndi mpando wotentha. Anatiimbira foni usiku womwewo: "Ndaiona galimoto ya malume."

Mwini wake anali bambo wokalamba amene anali atasiya kuyendetsa. Ana ake ankamuuza chaka ndi chaka kuti aigulitse, iye n'kumakana, chifukwa ndi imene ankapita nayo kogula mbande za maluwa ndi malemu mkazi wake. Makaniko amene tinamupeza kuti adzaione, bambo wachikaladi wa ku Grassy Park, nayenso anaima kaye asanatsegule boneti. Anati makolo ake anali m'gulu la osamutsidwa ku Constantia, ndipo bambo ake anadzagula Datsun yotere kuti apitirize geni ya maluwa m'tauni. Anthu atatu, mzungu, mkaladi ndi Mmalawi, tinaima mozungulira kagalimoto kamodzi, aliyense akuona womwalira wake. Pamene bamboyo ankasamukira kunyumba yosungirako okalamba, anavomera kutigulitsa pamtengo wabwino.

Apa ndiye pamene mtima unatiphimba maso, ndipo tikupempha mumvetsere, chifukwa zolakwazo zinali zathu.

Choyamba, makaniko anatiuza kuti tisinthe rediyeta ndi mapaipi onse amadzi, popeza galimoto yokhalitsa osayenda imaola mkati. Ife tinangomva kulira kwa injini n'kunena kuti ili bwino. Tinapakira mafiriji awiri, matumba a zovala ndi zitini za penti, kupitirira muyeso wake. Titadutsa Laingsburg, pakati pa Karoo, dzuwa lili pamutu, paipi inaphulika. Tinakhala m'mbali mwa N1 maola ambiri mpaka dalaivala wina wa thiraki, Mmalawi mnzathu, anaima ataona kambendera kathu pagalasi. Anatipatsa madzi n'kutithandiza kufika ku Beaufort West. Achimwene, ngati mukuwerenga, Mulungu akudalitseni.

Chachiwiri, dzimbiri. Galimoto za ku Cape Town zimadyedwa ndi mphepo ya mchere ya kunyanja. Pamwamba penti inkawala, koma titachotsa mphasa ya pansi tinapeza bowo loti n'kuona msewu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanapereke ndalama, tukulani mphasa, gwadani muone chesesi, gogodani pansi pa zitseko ndi m'mbali mwa galasi lakutsogolo.

Chachitatu, mapepala. Mlendo amafunika Traffic Register Number kuti galimoto ilembedwe m'dzina lake ku South Africa. Kuti ituluke m'dzikomo osabwereranso pamafunika chiphaso cha apolisi cha SARPCCO chosonyeza kuti si yakuba, komanso chilolezo chotulutsira galimoto cha ITAC. Ife tinali ndi zina, zina tinalibe, ndipo tinagona ku Musina masiku angapo, ndalama ya chakudya ndi malo ogona ikungotuluka. Safunsa anadya phula. Konzani zonsezi musananyamuke, ndipo nambala ya injini ndi ya chesesi zifanane ndi zolembedwa papepala, chilembo ndi chilembo.

Chachinayi, msonkho. Musaganize kuti galimoto yotchipa pogula ikhalanso yotchipa pokiliya. Fufuzani ku MRA kapena kwa ajenti wovomerezeka musanagule, mumuuze mtundu, chaka chimene inapangidwa ndi kukula kwa injini. Onjezanipo mafuta, mageti olipira, inshuwalansi ndi zolipira podutsa Zimbabwe ndi Mozambique. Ife titawerengera titafika, za panjira ndi za pa boda zinaposa mtengo umene tinagulira galimotoyo, ndipo gawo lina linachokera mu mpamba wa geni. Zinatitengera miyezi kuti tibwerere pamene tinali.

Chachisanu, ndipo ichi n'chachikulu: kagalimoto aka kanapangidwa ndi nzeru za m'ma 1970. Mulibe airbag, mulibe ABS, ndipo ndi kopepuka. Thiraki ikakudutsa pamsewu wa Masvingo kamagwedezeka konse. Musayende nako usiku, musanyamule anthu kumbuyo paulendo wautali, ndipo musakakamize kuti kapikisane ndi Hilux.

Tinawoloka Zambezi pa Tete, njira yomwe m'zaka za nkhondo ya ku Mozambique magalimoto ankadutsa pamdipiti woperekezedwa ndi asilikali, mpaka mtendere unabwera mu 1992. Tinalowera pa Dedza n'kutsika ndi M1. Titafika pakhomo madzulo, mayi anatuluka m'khitchini, chipande chili m'manja. Sanatipatse moni. Anazungulira galimotoyo kawiri, n'kuika dzanja pa boneti, n'kutchula dzina la mlongo wawo. Kenako anauza mng'ono wathu wotsiriza uja, amene tsopano ali ndi ana ake: "Iwe unatsala pang'ono kubadwira mu yotereyi." Mawa lake tinapita nawo kumanda a malume, iwo atakhala kutsogolo.

Ndiye mukatifunsa ngati tinachita bwino, tiyankha pawiri. Pa nkhani ya geni tinaluza, ndipo tikadafuna galimoto yonyamula katundu mwezi ndi mwezi kuchokera ku Joni sitikadasankha iyi. Koma akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Agogo anabwera ndi bulangeti, abambo ena njinga, malume Datsun, ndipo ife tinafuna kusonyeza mayi kuti ana awo sanatchone.

Langizo lathu ndi ili: ngati mtima ukukukokerani ku galimoto inayake, kaya ndi Peugeot 504 ya abambo anu, Land Rover ya ku mishoni kapena Hilux yakale ya ku esiteti, musadzinamize kuti mukugula ya bizinesi. Itchuleni dzina lake lenileni, kuti ndi ya chikumbutso. Isungireni ndalama yakeyake, osakhudza mpamba. Pitani ndi makaniko, ndipo zimene wanena muchite, chifukwa iye amaona chitsulo pamene inu mukuona malume anu.

Ka 1400 kathu kalipo. Pansi tinawotcherera, rediyeta ndi yatsopano, ndipo kakunyamula kachewere kuchokera ku Tsangano ngati kale. Madalaivala, mukadzakaona pa Lizulu tsiku la msika, koyera, kodzaza matumba, mukaimbire hutala. Muyende bwino nonse.