Kalulu, Jelita ndi Mbozi ya Njala: Mmene Buku la Zithunzi Linafikira M'komboni

Buku la zithunzi limene mwana wa zaka zinayi amatsegula ku Kanyama kapena ku Chawama nthawi zambiri limakhala litayenda kuposa munthu aliyense wa m'nyumbamo. Linasindikizidwa ku London kapena ku New York, ana ena analiwerenga mpaka masamba kupindika, kenako linaoloka nyanja n'kudzagulidwa pa mulu wa mabuku akale m'mbali mwa msewu m'tauni. Kukhala pansi ndi mwana amene sanayambe Grade 1 n'kumawerenga naye ndi mwambo wa dzana m'makomboni a Lusaka, ndipo kuchedwa kwake kuli ndi mbiri.

Lusaka atakhala likulu m'chaka cha 1935, atsamunda ankaona munthu wakuda ngati mlendo wodzagwira ntchito, woyenda ndi chitupa, amene akakalamba adzabwerera kwawo. Matero anamangidwa ndi khonsolo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950. Ena amene analibe nyumba za khonsolo anadzimangira pa malo a eni mafamu, ndipo komboni ya George inatenga dzina la mwini malo, George Hadjipetrou. Mtendere inatsegulidwa mu 1967 kuti ilandire anthu ochokera ku Kalingalinga. M'mabwalo onsewa munadzaza anyamata ndi mabanja atsopano. Agogo, eni nthano, ambiri anatsala kumudzi ku Chipata, ku Petauke, ku Katete ndi kutsidya kwa malire.

Mpata umenewo unatsekedwa ndi wailesi buku lisanabwere. Mu 1949 kunafika kawailesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special, kooneka ngati poto, ndipo mawu ochokera ku nyumba youlutsira ya mu Lusaka analowa m'nyumba za anthu wamba. Ufulu utabwera, Julius Chongo anatchuka ndi pulogalamu yake ya Poceza m'Madzulo. Munthu mmodzi ankasintha mawu, apa nkhalamba, apa fisi, apa mkazi wolongolola, ana atazungulira mbaula osaphethira. Zithunzi ankazijambula okha m'mutu.

Mabuku a Chinyanja analipo ndithu. Bungwe la Northern Rhodesia and Nyasaland Joint Publications Bureau linayamba ntchito mu 1948, n'kutulutsa nthano, miyambi ndi nkhani zambiri, koma linkalembera anthu odziwa kale kuwerenga. Kamwana kongosiya kumene bere palibe ankakaganizira. Lamulo la sukulu za mkaka la 1957 nalo silinafike kwenikweni kwa ana a m'komboni.

Kenako mu 1966 boma linakhazikitsa kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Grade 1. Apa m'pamene Jelita ndi Mulenga anabadwira, m'mabuku a Zambia Primary Course. Kwa mbadwo wonse wa anthu a ku Matero ndi ku Chawama, amenewa ndiwo anali mabuku oyamba a zithunzi, ndipo mpaka pano akuluakulu amawatchula ana awiriwa ngati abale awo. Komatu buku linali la sukulu, mwana ankakumana nalo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo linkalankhula chiyankhulo chimene amayi ake sankagwiritsa ntchito pomuitana kudzadya. Wamng'ono ankalionera patali, kwa mkulu wake amene madzulo ankasanduka mphunzitsi pakhonde, kamtengo kali m'manja.

Zotsatira zake zinadzaoneka. M'zaka za m'ma 1990, katswiri wa ku Britain, Eddie Williams, anayesa ana a m'sukulu za ku Malawi ndi ku Zambia. Anapeza kuti ana a ku Malawi, amene ankayamba ndi Chichewa, ankawerenga chiyankhulo chawo bwino kuposa mmene anzawo a ku Zambia ankawerengera Chinyanja, pamene pa Chingerezi panalibe kusiyana kwenikweni. Zaka pafupifupi 30 za Chingerezi choyambirira sizinagule kanthu. Pulogalamu ya Primary Reading Programme ya 1999 inabwezera ziyankhulo za m'dziko m'kalasi loyamba, ndipo mu 2014 Chinyanja chinakhala chiyankhulo chophunzitsira m'makalasi oyambirira a mu Lusaka.

Nanga ana osayamba sukulu? Bungwe la Zambia Pre-School Association linakhazikitsidwa mu 1972, koma sukulu za mkaka zinachulukadi m'makomboni pamene anthu wamba ndi mipingo anayamba kutsegula zawozawo. Chipinda chimodzi, timipando tapulasitiki, khoma lojambulidwa apulo ndi zilembo, ndiye baby class yatha. Makolo amene amalipira ndalama yopeza movutikira pamsika amafuna kumva mwana akutchula masiku a pa mlungu m'Chingerezi, ndipo sitingawadzudzule. Chovuta n'chakuti kuloweza kunadya malo a nkhani. M'makalasi ambiri otere muli bolodi ndi choko, koma buku loti mwana aligwire yekha mulibe. Boma linalemba aphunzitsi 1,000 a ana aang'ono mu 2013, n'kutsegula makalasi awo pa sukulu za pulayimale, ndipo kuyambira 2022 maphunzirowa ndi aulere m'sukulu za boma.

Khomo lina linatsegukira kosayembekezeka. Jane Kinney Meyers, katswiri wa malaibulale wa ku America, ankawerengera ana a m'misewu mabuku pa malo a Fountain of Hope ku Kamwala, ndipo chipinda chawo chowerengeramo chinali kontena. Mu 2007 pamalopo panatsegulidwa laibulale yoyamba ya bungwe la Lubuto, ya nyumba zozungulira zofolera ndi udzu, ndipo ina inatsatira ku komboni ya Garden mu 2010. Kumeneko kuwerenga mokweza ndi gawo la ntchito: wamkulu amakweza buku, ana akhala mozungulira, wina atabereka mng'ono wake. A Lubuto anasakasakanso mabuku akale a ziyankhulo za mu Zambia amene anasiya kusindikizidwa, n'kuwaika pa intaneti.

Chosangalatsa ndi chimene chimachitikira mabuku otchuka a kunja akagwa m'manja mwa mayi kapena mlongo wa ku Mtendere. Sawerengedwa mzere ndi mzere. Wowerenga amaponya maso pa Chingerezi, pakamwa n'kutuluka Chinyanja, chala chili pa chithunzi, ndipo ana amalowerera monga amachitira pa nthano poyankha kuti tili tonse. Peter Rabbit wa Beatrix Potter, wa mu 1902, amangosanduka Kalulu, ngakhale ndi Kalulu wopepera: akaba m'dimba amathawa atataya jekete ndi nsapato, n'kukagona akudwala, pamene Kalulu wa kwathu akanasiya fisi atagwidwa m'malo mwake. Mbozi ya njala ya Eric Carle, ya mu 1969, imadya zipatso ndi keke mpaka kusanduka gulugufe. Mwana wozolowera kuona vinkubala atawunjika pa msika wa Soweto ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chake sanaikazinge isanauluke.

Mabuku olembedwa m'chiyankhulo cha mwanayo akubwera, koma mwapang'onopang'ono. Pa University of Zambia, bungwe la CAPOLSA, limene Robert Serpell anatsogolera, latulutsa timabuku ta ana m'ziyankhulo za m'dziko. African Storybook, yochokera ku South Africa, ili ndi nkhani za zithunzi m'Chinyanja zowerenga ulere pa foni. Kwa banja la ku George, mtengo wa nkhani yotere ndi bandulo ya intaneti ndi batire yotchaja pa tsiku limene magetsi abwera.