Siliva wa m'khosi ndi siliva wa Kaisara

M'masitolo a zokongoletsela ku Roma ndi m'mizinda ina ya ku Ulaya amagulitsa mikanda, ndolo ndi mphete zasiliva zokhala ndi nkhope ya mfumu yovala nkhata ya masamba kumutu. Zioneka ngati makobili ofukulidwa pansi, koma zambili n'zongotengela: mmisili amadinda khobili lakale pa cikombole, kenako n'kuthilamo siliva wosungunula. Ena amazinyoza kuti n'zabodza. Ife tiona kuti mbili ya khobili lenilenilo ili ndi bodza lalikulu kuposa la mkandawo.

Khobili limene amakonda kutengela ndi dinari. Ambili a ife tinalimva ku chalichi, m'fanizo la pa Mateyu 20, pomwe ndiwo malipilo a waganyu pa tsiku limodzi. Aroma anayamba kulisula ca m'ma 211 B.C., ali pa nkhondo ndi Hannibal. Linali kulemela magalamu pafupifupi 4.5, ndipo pafupifupi lonse linali siliva.

Poyamba pa dinari anali kudindapo milungu ndi makolo amene anamwalila kale. Mu 44 B.C. Julius Caesar analola kuti nkhope yake idindidwepo iye akali moyo, zimene adani ake anaona ngati kudziika ufumu. Pa 15 March caka comweco anamubaya mpaka kufa. Mu 42 B.C. Brutus, mmodzi wa omuphawo, anasulitsa khobili lake: mbali imodzi mipeni iwili, cisoti ca kapolo womasulidwa ndi zilembo zakuti EID MAR, kutanthauza tsiku la cipongwelo, mbali ina nkhope ya Brutus mwiniyo. Khobili limeneli ni limodzi mwa amene amatengeledwa kwambili masiku ano. Wolivala m'khosi wanyamula cikondwelelo ca kupha munthu, kaya adziwa kaya sadziwa.

Nkhope za mafumu zinapitiliza kudindidwa, koma siliva anayamba kuthawa. Mu 64 A.D., caka cimene moto unawononga mzinda wa Roma, Nero anacepetsa kulemela kwa dinari n'kusakanizamo mkuwa. Pofika nthawi ya Septimius Severus, amene analamulila kuyambila 193 mpaka 211, siliva anatsala pafupifupi theka. Mu 215 mwana wake Caracalla anatulutsa khobili lina la mtengo wa madinari awili, koma siliva wake anali wa dinari limodzi ndi theka cabe. Pofika ca m'ma 270, m'khobili limenelo siliva sanali kufika ngakhale magawo 5 pa 100. Linali la mkuwa, longopakidwa siliva pamwamba. Cifukwa cake cinali malipilo a asilikali: ndalama zikacepa, boma linali kusula makobili ambili ndi siliva yemweyo. Mitengo ya zinthu inakwela, moti mu 301 Diocletian anaika lamulo la malile a mitengo, koma silinathandize.

Tsopano tiyelekezele ndi mkanda wa masiku ano. Ukakhala ndi cidindo ca 925, ndiye kuti pa magawo 1,000 alionse, 925 ndi siliva. Cotengela cimeneci cili ndi siliva woculuka kwambili kuposa khobili lenileni la m'ma 270, limene linatuluka m'nyumba yosulilamo ndalama ya mfumu.

Kuvala makobili sikunayambe lelo. Aroma eniake, makamaka kuyambila m'zaka za m'ma 200, anali kuika makobili agolide m'mikanda ndi m'mphete. Kutengela nakonso n'kwakale. Giovanni da Cavino wa ku Padua, amene anamwalila mu 1570, anasula makobili otengela mwaluso moti lelo nawonso amasungidwa m'nyumba zoonetselamo zinthu zakale. Carl Wilhelm Becker wa ku Germany, amene anamwalila mu 1830, anali kuika makobili ake m'bokosi la tizidutswa twa citsulo n'kulimangilila ku ngolo, kuti akakhulana pa ulendo aoneke akalekale. Ambili anagulidwa ngati enieni. Ndiye cifukwa cake ku America lamulo la mu 1973 limafuna kuti khobili lotengela lidindidwe liu lakuti COPY.

Apa m'pamene pagona nkhani. Mmisili amene auza wogula kuti ici n'cotengela, ndipo siliva wake ndi 925, sananamize munthu. Amene ananamiza anthu ni mfumu imene inadinda nkhope yake pa mkuwa n'kulipila nawo msilikali ndi waganyu ngati siliva. Conco tikapeza mkanda wotele, tifunse mafunso awili: khobili ili n'lakale kapena lotengela, ndipo cidindo ca siliva cili pati? Waganyu wa ku Roma analibe womufunsa.